Mchimwene wanga wapezeka ndi chamba mu mkodzo: kodi ntchito ya thiraki yatheratu?

Mayi a Tadala, Michigan

Moni nonse a pabwalo lino. Ndikupempha nzeru kwa inu amene mumayendetsa mathiraki kuno ku America, kapena amene mumawadziwa bwino malamulo a ntchitoyi, chifukwa pakhomo pathu tasowa pogwira. Mchimwene wanga wamng'ono wakhala akuyendetsa thiraki ya kampani ina yonyamula katundu pakati pa Michigan, Ohio ndi Indiana, ndipo ali ndi CDL, laisensi yoyendetsera mathiraki akuluakulu, ya Class A imene anaivutikira kwambiri kuti aipeze. Mwezi wathawu anali pa tchuthi, ndipo ku phwando la mnzake wina anasuta chamba. Zimenezi sakukana, wandiuza yekha. Atabwerera ku ntchito sipanapite nthawi, dzina lake linatuluka pa random, kuyeza kwa mwadzidzidzi kuja, ndipo anapita kukapereka mkodzo monga mwa masiku onse. Dzulo dokotala wina anamuimbira foni kumuuza kuti zotsatira zasonyeza chamba. Madzulo omwewo kampani inamuuza kuti asakwerenso thiraki, ndipo m'mawa uno walandira uthenga womuchotsa ntchito.

Chimene chikutizunguza mutu n'chakuti kuno ku Michigan chamba n'chololedwa kwa munthu aliyense amene anakwanitsa zaka 21, chimagulitsidwa m'masitolo a m'mbali mwa msewu poyera, ndipo iyeyu sanasute ali pa ntchito kapena ali pafupi ndi thiraki. Tsiku limene ankayezedwalo anali bwinobwino, mutu uli m'malo mwake. Kodi tikapeza loya, lamulo la Michigan lingamuteteze? Anzake ena akumuuza kuti asadandaule, angopita ku kampani yaing'ono ya ku chigawo china imene sifufuza mbiri ya munthu. Ena akuti angokhala phee kwa zaka zisanu, mbiriyo idzafufutika yokha. Ine sindikufuna kuti agwe m'dzenje lachiwiri chifukwa cha uphungu wa anzake, popeza mkazi wake ndi ana, kudzanso mayi athu kumudzi, onse amayang'ana kwa iye. Kodi laisensi yake yapita ndithu, kapena ilipo njira yobwerera pamsewu?

Bambo a Chisomo, Texas

Mayi a Tadala, pepani kwambiri ndi zimene zagwa pakhomo panu, ndipo mwachita bwino kufunsa mnyamatayo asanatsatire zonena za anzakezo, pakuti safunsa anadya phula. Ine ndakhala pa ntchito imeneyi nthawi yaitali, ndipo ndaonapo anzanga angapo akudutsa m'njira imene achimwene anu ayiyambayi. Ena anabwerera pamsewu, ena sanabwerere, ndipo kawirikawiri chimene chinawasiyanitsa ndi zimene anachita m'miyezi yoyambirira.

Za loya ndi lamulo la Michigan ndikuuzeni mosapita m'mbali kuti pamenepo palibe thandizo. Munthu amene ali ndi CDL, pa nkhani ya mankhwala ozunguza bongo salamulidwa ndi chigawo chimene akukhala, koma ndi boma lalikulu la dziko lonse kudzera mu unduna wa zamtengatenga, DOT, ndi nthambi yake yoyang'anira mathiraki ndi mabasi, FMCSA. Kuyeza madalaivala kunakhazikitsidwa ndi lamulo la 1991, ndipo ndondomeko yake yonse inalembedwa mu 49 CFR Part 40 ndi Part 382, zimene aliyense angathe kuziwerenga pa intaneti. Anthu a ku Colorado ndi Washington atavota mu 2012 kuti chamba chiloledwe, DOT inatulutsa chidziwitso chaka chomwecho chonena kuti kwa oyendetsa mathiraki, ndege, sitima ndi mabasi palibe chimene chasintha. Ngakhale khadi lololeza munthu kugwiritsa ntchito chamba ngati mankhwala silimuthandiza dalaivala. Komanso lamulo la Michigan lenilenilo, limene anthu analivomereza pa chisankho cha 2018, limanena kuti silikakamiza wolemba ntchito kulekerera chamba ndipo silimuletsa kulanga wantchito amene waphwanya malamulo a kampani pa nkhaniyi. Ndalama za loya wa zantchito zisungeni, zidzafunika pena.

Dziwaninso kuti kumutsitsa m'thiraki kampani sikanachitira mwina, chifukwa lamulo limailamula kutero ikangolandira zotsatira. Kumuchotsa ntchito kokha ndiko kunali kufuna kwa kampaniyo, pakuti lamulo silinena kuti munthu achotsedwe, koma makampani ambiri amatero poopa a inshuwaransi ndi milandu ya ngozi.

Tsopano za kampani yaing'ono ija. Uphungu umenewo ndi wa masiku akale, pamene dalaivala ankatha kuchotsedwa kuno n'kukalembedwa ntchito kwina osatchula n'komwe kumene wachokera. Kuyambira pa 6 Januwale 2020 pali kaundula wa pa intaneti wa dziko lonse wotchedwa Drug and Alcohol Clearinghouse, ndipo dokotala amene anaimba foni uja amayenera kulembamo zotsatira pasanathe masiku awiri a ntchito. Pofika pano dzina la achimwene anu lili kale m'gulu la oletsedwa kuyendetsa, kapena lilowamo mawa. Kampani iliyonse, ngakhale ya thiraki imodzi, imayenera kufufuza m'kaundulamo isanamupatse munthu makiyi, ndiponso kamodzi chaka chilichonse kwa madalaivala amene ili nawo kale. Dalaivala akakana kupereka chilolezo choti amufufuze, saloledwa kuyendetsa. Ikapezeka kampani yoti yamulemba osafufuza, dziwani kuti ikuphwanya lamulo, ndipo apolisi oyendera mathiraki pa sikelo amatha kuona pa kompyuta yawo kuti munthuyu ndi woletsedwa, n'kuimitsa thirakiyo pomwepo ndi katundu yemwe. Ngozi itachitika ali m'gulu limeneli, mlandu wake ungakhale waukulu kuposa kutaya ntchito.

Za zaka zisanu zija anzakewo anamva theka la nkhani. Mbiri imakhala m'kaundula kwa zaka zisanu kuchokera tsiku lolakwa, kapena kufikira munthu atamaliza ndondomeko yonse yobwerera pa ntchito, ndipo pa ziwirizi amatenga chimene chachedwa kutha. Ndiye kuti amene wangokhala phee osachita kanthu, dzina lake silichoka ngakhale patapita zaka khumi. Chinanso chimene ambiri sanachimve n'chakuti kuyambira pa 18 Novembala 2024 ofesi ya malaisensi ya chigawo chilichonse imayenera kutsitsa CDL ya munthu woletsedwa pasanathe masiku 60 italandira uthenga. Amatsala ndi laisensi ya galimoto wamba, ndipo ya thiraki angaibwezeretse pokhapokha kaundula atasonyeza kuti saalinso woletsedwa.

Choncho laisensi sinatheretu, koma khomo lobwerera ndi limodzi lokha, ndipo limadzera kwa mlangizi wovomerezeka wa za mankhwala ozunguza bongo amene timamutcha SAP. Kampani imene yamuchotsayo ili ndi udindo womupatsa mayina a alangizi oterewa kwaulere, ngakhale kuti siikakamizidwa kumulipirira. Mlangiziyo amakambirana naye, n'kugamula ngati akufunika maphunziro chabe kapena chithandizo chachikulu. Akamaliza zimene wauzidwa amabwereranso kwa mlangizi yemweyo, ndipo akakhutira amalemba m'kaundula kuti munthuyu angathe kuyezedwa kuti abwerere pa ntchito. Mkodzo ukapezeka woyera pa kuyeza kumeneko, chiletso chimachoka. Zikatero amayezedwabe mwadzidzidzi kosachepera kasanu ndi kamodzi m'miyezi 12 yoyambirira, ndipo mlangizi ali ndi mphamvu yopitiriza zimenezi kufikira miyezi 60.

Nachisale, Indiana

Achemwali a ku Michigan, ine ndimagwira ntchito pa kiliniki ina imene timalandira madalaivala odzapereka mkodzo, choncho ndionjezerepo za mbali yathu, makamaka chinthu chimodzi chimene nthawi yake ikutha.

Mkodzo umene achimwene anu anapereka unagawidwa m'mabotolo awiri iwo akuona, botolo A la mamililita 30 ndi botolo B la mamililita 15, ndipo labotale inatsegula loyamba lokha. Dokotala amene anaimba foni uja ndi MRO, amene ntchito yake ndi kuunika zotsatira asanazipereke ku kampani. Kuchokera pa nthawi imene anawauza zotsatirazo, ali ndi maola 72 opempha kudzera kwa dokotala yemweyo kuti botolo B likayezedwe ku labotale ina yovomerezeka. Popeza foniyo inabwera dzulo, mwayiwo ukadalipo. Komabe sindikufuna kukupatsani chiyembekezo chabodza. Mkodzo wa m'botolo lachiwirilo ndi womwewo wa tsiku lomwelo, ndipo kwa munthu amene akuvomera yekha kuti anasuta, zotsatira zake zidzangotsimikiza zoyambazo. Njira imeneyi inaikidwira amene akudziwa mumtima mwake kuti sanakhudze kanthu ndipo akukayikira labotale.

Mwadabwa kuti munthu amene anali bwinobwino tsiku loyezedwa angapezeke bwanji ndi chamba. Labotale siyang'ana ngati munthu waledzera. Imayang'ana zotsalira zimene chiwindi chimapanga chikaphwanya THC, mankhwala a m'chamba amene amazunguza mutu. THC imasungika m'mafuta a m'thupi n'kumatuluka pang'onopang'ono, kotero kuti amene wasuta kamodzi angayere m'masiku ochepa, pamene wosuta kawirikawiri angakhale nazo mu mkodzo mwezi wathunthu kapena kupitirira. Pa kuyeza koyamba malire ndi 50 ng/mL (muyeso wa kuchuluka kwa zotsalirazo mu mililita imodzi ya mkodzo), ndipo ukapitirira pamenepo mkodzowo umayezedwanso ndi makina ena osamalitsa pa malire a 15 ng/mL. Pamodzi ndi chamba amayezanso cocaine, ma amphetamine, PCP ndi mankhwala a gulu la opioid monga morphine, codeine ndi oxycodone. Pa mankhwala ena, munthu akaonetsa kalata ya dokotala wake yosonyeza kuti anamulembera, MRO angathe kulemba kuti palibe cholakwa. Pa chamba, malamulo amamuletsa kuvomereza zifukwa monga zakuti munthu anakhala m'chipinda mmene ena ankasuta, anadya keke yachamba mosadziwa, kapena ankagwiritsa ntchito mafuta a CBD, mankhwala ena ochokera m'chamba amene sazunguza mutu.

Za CBD ndichenjeze madalaivala onse owerenga pano, chifukwa ambiri amagula mafuta ndi maswiti amenewa pa malo omwetsera mafuta pofuna kuthana ndi msana kapena kusowa tulo, osadziwa kuti akuika ntchito yawo pa chiswe. Lamulo la zaulimi la 2018 linalola mbewu ya hemp, mtundu wa chamba umene THC yake sipitirira 0.3 peresenti, koma zolembedwa pa mabotolo a zinthu zimenezi sizodalirika nthawi zonse, ndipo DOT inachenjeza mu Febuluwale 2020 kuti CBD si chifukwa chimene ingachimve munthu akapezeka ndi THC.

Pa zimene zikubwera kutsogolo, muwauze achimwene anu zoona zake kuti akonzekere mumtima. Kuyeza kobwerera pa ntchito, ndi kuyeza konse kotsatira pambuyo pake, kumachitika wina akuonerera. Woonererayo amakhala mwamuna mnzawo, ndipo amawauza kuti akweze malaya ndi kutsitsa buluku kuti aone ngati sanabise chipangizo chilichonse, kenako amaona mkodzo ukutuluka m'thupi kulowa m'kapu. Kwa ife Amalawi zimenezi n'zochititsa manyazi kwambiri, koma wokana kuonereredwa amalembedwa kuti wakana kuyezedwa, ndipo kukana kuli ndi chilango chofanana ndi kupezeka ndi chamba. N'chimodzimodzi kuchoka pa kiliniki ntchito isanathe. Mkodzo ukakanika kutuluka, timamupatsa munthu madzi osapitirira maaunsi 40 ndi nthawi yokwana maola atatu, koma akangotuluka pakhomo mwa yekha chifukwa chotopa kudikira, nkhani yatha pomwepo.

Zakumwa zimene amagulitsa ponena kuti zimatsuka thupi, ndi mkodzo wopanga wa m'mabotolo, asaziyandikire. Timayeza kutentha kwa mkodzo pasanathe mphindi zinayi, ndipo uyenera kukhala pakati pa madigiri 90 ndi 100 pa Fahrenheit. Labotale nayo imaona ngati wasungunulidwa ndi madzi kapena wathiridwa mankhwala, ndipo mkodzo wothiridwa kanthu kapena wosinthanitsidwa umawerengedwa ngati kukana. Asiyiretu chamba lero, ndipo asathamangire kuyeza kobwerera pa ntchito thupi lisanayere, chifukwa akapezekanso nacho pamenepo ndi mlandu watsopano, ayambiranso kwa mlangizi. Tizipangizo todziyezera kunyumba timapezeka m'mafamase pa mtengo wotsika, ndipo tingawathandize kudziwa pamene afika.

Mbewe, Minnesota

Zonse zimene akulu anga alemba pamwambapa n'zoona ndipo mnyamatayo azitsatire, koma ine sindingathe kungodutsa osanena kuti ndondomeko imeneyi ili ndi chilema chachikulu, ndipo zimandiwawa kuona anthu olimbikira ntchito akutayika chifukwa cha icho.

Taonani mmene lamulo lomweli limachitira ndi mowa. Dalaivala amaloledwa kumwa ali pa tchuthi, malinga asamwe m'maola anayi asanayambe ntchito, ndipo akamuyeza mpweya amayang'ana mowa umene uli m'thupi nthawi yomweyo. Akapezeka ndi 0.04 kapena kupitirira ndiye walakwa, ndipo akakhala pakati pa 0.02 ndi 0.039 amangomupumitsa maola 24. Pamenepo chimene chikuyezedwa ndi chimene chingaphe anthu pamsewu. Pa chamba sizili choncho, monga Nachisale wafotokozera. Munthu amene anasuta sabata ziwiri zapitazo ali kunyumba kwake, m'chigawo chimene chimalola, amalandira chilango chofanana ndi amene wasuta m'thiraki pa malo opumira n'kupitiriza ulendo. Ine sindisuta ndipo sindikufuna kukumana pamsewu ndi munthu woledzera atakoka katundu wa mapaundi 80,000, koma anthu awiriwa si ofanana, ndipo lamulo lolephera kuwasiyanitsa likulanga mbiri ya munthu m'malo moteteza msewu.

Pa zotsatira zonse zoipa zimene zimalembedwa m'kaundula uja, chamba ndicho chimatsogola, kuposa theka, ndipo ambiri mwa oletsedwawo sayamba n'komwe ndondomeko yobwerera. Amangosiya ntchito ya thiraki n'kupita kwina. Mu 2023 DOT inavomereza kuyeza malovu, kumene kumaonetsa kusuta kwa posachedwa kuposa mkodzo, koma lamulolo linati njirayi iyambe pokhapokha malabotale awiri atavomerezedwa ndi unduna wa zaumoyo, ndipo ngakhale ikafalikira, wosankha njira yoyezera adzakhala wolemba ntchito, osati dalaivala. Makampani ena akuluakulu akupita mbali ina, akuyezanso tsitsi mwa kufuna kwawo, ndipo tsitsi limasunga mbiri ya miyezi itatu. Nkhani zoti boma lichotse chamba m'gulu loyamba la mankhwala oletsedwa zakhala zikukambidwa kwa zaka zingapo, ndipo ena amazimva ngati chilolezo, koma dalaivala asasinthe kanthu kufikira DOT yokha italemba kuti yasiya kuyeza chamba.

Jere, Johannesburg

Amayi, ine ndimayendetsa thiraki kuno kumwera, kuchokera ku Durban kudzera pa Beitbridge mpaka ku Mwanza, ndipo chisokonezo chomwechi chilinso pakati pathu. Pa 18 Seputembala 2018 khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko la South Africa linagamula kuti munthu wamkulu angathe kusuta ndi kulima chamba chake pamalo a yekha, ndipo anyamata ambiri anaganiza kuti mabwana alibenso mphamvu yowayeza. Makampani onyamula katundu amayezabe, ndipo khoti la zantchito lavomerezapo kuchotsedwa kwa anthu ogwira ntchito pa malo oopsa amene anapezeka nacho m'thupi. Mu 2024 khoti la apilo la zantchito linakomera mayi wina amene anachotsedwa pa chifukwa chomwechi, koma iyeyo anali wa mu ofesi, sankagwira makina kapena chiwongolero, ndipo dalaivala asadziyerekeze naye. Kwa ife odutsa malire palinso china, chakuti ku Zimbabwe, ku Mozambique ndi kwathu ku Malawi kupezeka ndi chamba ndi mlandu wa kupolisi. Lamulo la kwathu la 2020 linangolola kulima kwa amene ali ndi chiphaso, cholinga chake mankhwala ndi mafakitale, osati kusuta.

Mayi a Tadala, Michigan

Zikomo kwambiri nonse, makamaka Bambo a Chisomo ndi Nachisale. Ndamuwerengera zonse mnyamatayu, ndipo za botolo lachiwiri wati sakuona chifukwa chake popeza akudziwa chimene anachita. Wavomera kupita kwa mlangizi. Ndili ndi mafunso ena awiri. Iyeyu si nzika ya dziko lino, ali ndi green card, chiphaso chokhalira kuno mokhazikika, ndipo amakonzekera kupempha unzika chaka chamawa komanso kupita kumudzi kukaona mayi. Kodi nkhaniyi ingamusokonezere zimenezo? Chachiwiri, pa nthawi imene akudikira, kodi angathe kuyendetsa galimoto zazing'ono zonyamula katundu zimene sizifuna CDL, kuti pakhomo pasasowe chakudya? Ndipo poti kampani yamuchotsa, ndani adzamutumize kukayezedwa akamaliza kwa mlangizi?

Anabanda, Maryland

Mayi a Tadala, funso lanu loyamba ndi lalikulu kuposa nkhani ya laisensi, ndipo apa ndi pamene ndalama za loya zija ziyenera kupita, koma loya wake akhale wa zolowa ndi kutuluka m'dziko.

Kupezeka ndi chamba pa kuyeza kwa DOT si mlandu wa kupolisi. Palibe amene amamangidwa kapena kuitanidwa kukhoti chifukwa cha zotsatira zimenezo, ndipo kaundula uja sali poyera kuti aliyense awerenge. Vuto lili pakuti malamulo a zolowa m'dziko ndi a boma lalikulu, lomwe lija limene limaona chamba ngati choletsedwa. Mu Epulo 2019 ofesi ya USCIS, yoona za obwera m'dziko ndi unzika, inatulutsa chidziwitso chonena kuti kukhala ndi chamba, kuchigulitsa kapena kugwira ntchito m'malonda ake kungalepheretse munthu kuonedwa kuti ndi wa khalidwe labwino pa pempho la unzika, ngakhale atachita zimenezo m'chigawo chimene chimalola. Sipafunika kuti khoti limupeze wolakwa, pakuti kuvomera kwake pamaso pa wofunsa mafunso kungakhale kokwanira. Khalidwe limeneli amaliyang'ana pa zaka zisanu zapitazo, kapena zitatu kwa amene akupempha kudzera mu ukwati ndi nzika. Pa fomu ya unzika palinso funso lofunsa ngati munthu anachitapo cholakwa chimene sanamangidwe nacho, ndipo limayankhidwa molumbira.

Sindikunena kuti akaname. Bodza pa fomu imeneyo ndi loopsa kuposa chamba chenichenicho, chifukwa lingamuchotsetse unzika ngakhale ataupeza kale. Chimene ndikunena n'chakuti asatumize pempho lililonse, ndiponso asagule tikiti ya ndege yopita kumudzi, asanakhale pansi ndi loya n'kumufotokozera zonse, popeza pobwerera ofunsa mafunso pa bwalo la ndege nawonso ndi a boma lalikulu. Ngati n'kotheka, aonane ndi loyayo sabata yomwe ino, asanayambe kusaina mapepala ambiri okhudza nkhaniyi, kuti adziwe tanthauzo la chilichonse chimene akulemba. Loyayo angamulangize kuti adikire kaye zaka zingapo asanapemphe unzika, ndipo kudikira kumeneko n'kopepuka poyerekeza ndi kukanidwa. M'mizinda yambiri muli mabungwe a mipingo ndi ena othandiza obwera amene ali ndi maloya a mtengo wotsika.

Bambo a Chisomo, Texas

Amayi, mawu a Anabanda muwasunge bwino. Ine ndiyankhe mafunso awiri otsalawo.

Za galimoto zazing'ono, chenjerani, chifukwa apa ambiri amapunthwa. CDL imafunika pa galimoto yolemera mapaundi 26,001 kupita m'mwamba, choncho anthu amaganiza kuti chilichonse chochepera pamenepo n'chololedwa. Koma chiletso cha munthu amene wapezeka ndi chamba chimafikanso pa galimoto zamalonda zoyambira mapaundi 10,001 ngati zikunyamula katundu wodutsa malire a zigawo. Ndiye kuti ma box truck ambiri amene makampani operekera katundu amagwiritsa ntchito nawonso ndi oletsedwa kwa iye. Kagalimoto kochepera pamenepo, kapena ntchito ya m'nyumba zosungira katundu, ndi zimene angagwire popanda mantha, ngakhale kuti makampani ena kumenekonso amayeza mwa malamulo awoawo. Malipiro adzatsika ndithu, ndipo ndi bwino apabanja kumudzi auzidwe msanga kuti ndalama zichepa kwa miyezi ingapo.

Za womutumiza kukayezedwa, dalaivala sangadzitumize yekha ku kiliniki n'kubweretsa pepala. Kuyeza kobwerera pa ntchito kumalamulidwa ndi wolemba ntchito, ndipo kawirikawiri ndi kampani yatsopano imene yavomera kumutenga ikudziwa mbiri yake. Amene sanapeze kampani angathe kulembetsa m'kaundula muja ngati woyendetsa payekha, n'kusankha bungwe loyendetsa zoyezayeza, limene timalitcha consortium, kuti limutumize. Zimenezi zimachotsa chiletso ndi kumulola kubwezeretsa CDL ku ofesi ya malaisensi, koma kuyeza kotsatira kuja kumachitika pamene ali pa ntchito yoyendetsa, ndipo ndondomeko ya mlangizi imamutsatira ku kampani iliyonse imene angapite kufikira itatha. Masiku oyezedwa sauzidwa, ndipo kuyeza kumeneku kumabwera pamwamba pa random ya masiku onse, imene kuyambira 2020 imafuna kuti kampani iyeze chiwerengero chofanana ndi theka la madalaivala ake chaka chilichonse. Kompyuta ndiyo imasankha, kotero munthu mmodzi angatuluke kawiri kapena katatu m'chaka chimodzi.

Ntchito yoyamba idzavuta kupeza, zimenezi ndisakubiseni. Makampani akuluakulu ambiri safuna kutenga munthu amene akadali pa ndondomeko ya mlangizi, chifukwa cha inshuwaransi ndiponso chifukwa udindo woonetsetsa kuti kuyeza konse kwachitika umagwera iwo. Amene amatenga ndi makampani apakati ndi aang'ono, ndipo ena mwa iwo amapezerapo mwayi wolipira zochepa kapena kupereka mathiraki otha, choncho asasaine mgwirizano uliwonse wobwereka thiraki kwa kampani asanauwerenge bwino. Akamafunsira ntchito anene yekha za nkhaniyi poyamba, popeza adzaiona ndithu m'kaundula, ndipo ine ndaona mabwana akumvera chisoni munthu wonena zoona amene wabwera ndi mapepala onse a mlangizi m'manja.

Posankha mlangizi asafulumire. Afunse mtengo wonse kuyambira kukumana koyamba mpaka komaliza, afunsenso ngati maphunzirowo amalipiridwa padera, ndipo atsimikize kuti munthuyo ali ndi ziyeneretso za DOT komanso analembetsa m'kaundula, chifukwa phungu wamba wa ku chipatala, ngakhale wodziwa ntchito yake, sangachotse chiletsocho. Akangoyamba ndi mlangizi mmodzi, lamulo silimulola kupita kwa wina pofuna chigamulo chopepuka. Choyamba kuchita mawa ndi kutsegula akaunti yake pa Clearinghouse ngati alibe, kuona zimene zalembedwa pa dzina lake, ndi kuimbira kampani yakaleyo kuti imutumizire mayina a alangizi aja. Akasankha mmodzi ndi kugwirizana naye, alembe dzina lake mu akauntimo, pakuti mlangizi sangathe kulembamo chilichonse chokhudza achimwene anu asanamusankhe iwo eni ake.